Mukaima maola ambiri pabwalo la ndege: kuona mzinda popanda kusiyidwa ndi ndege

Mphwanga wa ku Chinamwali anafika kwathu Loweruka lapitali atagwira tikiti yomwe anasindikiza papepala. Wapeza mwayi wa maphunziro kunja, ndipo uwu ndi ulendo wake woyamba wa pandege. Chomwe chinkamusowetsa tulo si kuuluka ayi, koma kuti akaima maola 11 ku Johannesburg asanakwere ndege yachiwiri. "Achimwene, maola onsewo ndizikangokhala pampando?" Tinakhala pakhonde ndi cholembera n'kuyamba kuwerengera.

Funso lakelo si la iye yekha. Palibe ndege yochoka ku Chileka kapena ku Lumbadzi yopita molunjika ku Ulaya, ku Asia kapena ku America. Mphunzitsi wa ku Chanco wopita kumsonkhano, mayi wa geni wokapikula katundu ku China, ansembe, abusa, opita ku Hajj, onse amasinthira ndege panjira, kawirikawiri ku Addis Ababa, ku Nairobi kapena ku Johannesburg. Zomwe ndinamuuza mphwanga ndi izi, ndipo zambiri mwa izo zimachitika musanakwere n'komwe minibasi ya ku Limbe.

1. Werengani maola omwe ali anu enieni

Maola olembedwa patikiti si anu onse. Tengani pepala, lembani nthawi yomwe ndege yachiwiri inyamuke, ndipo muziwerenga chobwerera m'mbuyo.

Chotsani maola 3, chifukwa muyenera kukhala mutabwerera pabwalo nthawi imeneyo isanakwane: pali mzere wa chipikisheni, mzere wodinditsa pasipoti, ndi mtunda wokafika pageti. Chotsaninso ola limodzi ndi theka la kumayambiriro, kuchokera pomwe ndege yatera kufika pomwe mwatuluka panja. Chotsani nthawi yopita mutauni ndi yobwerera, ndipo yobwererayo muiwerengere kawiri ngati ikugwera madzulo anthu akuweruka kuntchito. Pomaliza sungani ola limodzi lapadera lomwe simulikhudza. Pa maola 11 a mphwanga tinatsala ndi maola 4 okha oyendera mzinda. Anakhumudwa pang'ono, koma maola 4 ndi ambiri kwa munthu amene akudziwa komwe akupita.

Lamulo langa ndi ili. Maola osakwana 6, musatuluke. Pakati pa 6 ndi 8, tulukani pokhapokha ngati pali sitima kapena malo omwe mukufunawo ali pafupi kwambiri. Kupitirira 8, ndipo kuli masana, tulukani ndithu. Mukatera usiku, zoona mzinda ziiwaleni, ganizirani za pogona.

Chenjerani ndi wotchi. Nthawi zonse zolembedwa patikiti ndi za kumaloko, osati za kwathu. South Africa ili pa nthawi imodzi ndi Malawi, koma Kenya ndi Ethiopia ali patsogolo ndi ola limodzi, Dubai ndi maola awiri. Ine ndinatsala pang'ono kusiyidwa ulendo wina chifukwa wotchi yanga ya pamkono inali ikadali pa nthawi ya kwathu. Ndinafika pageti anthu omaliza akulowa, ndipo mtima unagunda mpaka ndege itakwera m'mwamba. Kuyambira pamenepo ndimasintha wotchi ndege ikangotera, ndisanavule lamba.

Palinso china. Ku Ethiopia anthu ambiri amayamba kuwerenga maola dzuwa likatuluka, kotero 7 koloko m'mawa iwo amati 1 koloko, ndipo 4 koloko madzulo amati 10 koloko. Olankhula Chiswahili ku Nairobi amawerenganso chimodzimodzi. Mukamapangana ndi woyendetsa takisi nthawi yodzakutengani, muonetseni manambala pafoni, musangotchula pakamwa.

2. Mapepala: apa ndiye pagona nkhani

Kukhala mkati mwa bwalo podikira ndege ina n'kosiyana ndi kutuluka. Mukangotuluka, mwalowa m'dziko la eni ake, ndipo malamulo onse olowera m'dzikolo akukhudzani.

Wa pasipoti ya Malawi amalowa mu South Africa popanda viza kwa masiku 30. Kenya inayambitsa chilolezo cha paintaneti chotchedwa eTA mu Januwale 2024, kenako mu 2025 inachotsa lamuloli kwa nzika za mayiko ambiri a mu Africa. Ethiopia ili ndi viza yomwe mumafunsira paintaneti musananyamuke. Malamulo awa amasintha, choncho sabata imodzi ulendo usanafike funsani ku ofesi ya kampani ya ndege kapena kwa amene anakugulitsani tikiti, ndipo funsani motere: "Ndikufuna kutuluka pabwalo, ndikufunika chiyani?" Mukangofunsa kuti "Kodi ndikufunika viza?" adzakuyankhani za munthu wongodutsa.

Ku Ulaya n'kovuta. Ku Amsterdam kapena ku Paris simungatuluke popanda viza ya Schengen, yolowera m'mayiko ambiri a ku Ulaya. Ku London, anthu ambiri a pasipoti ya Malawi amafunika chilolezo ngakhale pongosinthira ndege osatuluka panja. Izi dziwirani musanalipire tikiti.

Tsopano khadi lachikasu, lomwe anthu ambiri amaliiwala. Malawi si dziko lomwe kuli chiopsezo cha matenda a yellow fever, koma Kenya ndi Ethiopia ali pamndandanda wa mayiko otere. Mukaima kumeneko maola opitirira 12, kapena mukatuluka n'kulowa mumzinda, dziko lomwe mukupita likhoza kukufunsani umboni wa katemera. South Africa imafunsa. Malawi nayo imafunsa pobwerera. Katemerayu ndi wa kamodzi pa moyo wonse, malinga ndi lamulo la bungwe la WHO kuyambira mu 2016, koma khadi limayamba kugwira ntchito pakatha masiku 10 chibayireni. Wobayitsa kutatsala masiku atatu kuti anyamuke amakhala ndi khadi lomwe silinayambe kugwira ntchito. Bayitsani msanga, ndipo khadilo mulimange ndi labala pamodzi ndi pasipoti.

Onaninso kuti pasipoti yatsala ndi miyezi yosachepera 6 ndiponso masamba awiri opanda chidindo. Jambulani tsamba la chithunzi pafoni, ndipo fotokope imodzi muisunge m'thumba lina.

3. Katundu: funsani pakauntala ya ku Chileka

Ngati ulendo wonse uli pa tikiti imodzi, sutikesi yanu imalembedwa kuti ikatsikire komwe mukumalizira ulendo, ndipo simuiona panjira. Koma musangoganiza. Pomwe akumata kapepala pasutikesi, funsani kuti yalembedwa kukafika kuti, ndipo werengani nokha zilembo zitatu zomwe zili pamenepo. ADD ndi Addis Ababa, NBO ndi Nairobi, JNB ndi Johannesburg. Kalisiti kakang'ono komwe amakumatirani kakhale nanu mpaka sutikesi ili m'manja mwanu.

Ngati munagula matikiti awiri osiyana pofuna kutchipitsa, zinthu zimasintha. Mudzayenera kudinditsa pasipoti, kutenga katundu, n'kukamuperekanso kukampani inayo, ndipo ndege yoyamba ikachedwa palibe amene angakusinthireni yachiwiri mwaulere. Pa OR Tambo, bwalo la ndege la ku Johannesburg, pali malo olipira osungitsako zikwama, moti simuyenera kukoka sutikesi mpaka mutauni.

Kachikwama ka m'manja ndiye nyumba yanu tsiku limenelo. Muikemo zovala zamkati zosinthira, malaya amodzi, mswachi, mankhwala omwe mumamwa pamodzi ndi kalata ya adokotala, tchaja, juzi ndi chitenje. Chitenje ndi cha aliyense, abambo omwe: ndi chofunda, ndi pilo, ndi mkeka. Zamadzimadzi monga mafuta odzola zisapitirire mamililita 100 pa botolo limodzi. Botolo la madzi lidutse pachipikisheni lili lopanda kanthu, mukalidzaze mkati. Power bank imayenda m'chikwama cha m'manja, osati m'sutikesi.

Pulagi yathu ya mano atatu aphwatalala imalowa bwinobwino ku Kenya. Ku South Africa masoketi ambiri ndi a mano atatu obulungira, ndipo ku Ethiopia ndi a mano awiri obulungira. Gulani adaputala musananyamuke, ya pabwalo la ndege imadula.

Kamba wa panjira ndi mtedza wokazinga, mabisiketi kapena zitumbuwa zomwe mungamalize tsiku lomwelo. Zipatso zaziwisi, nyama ndi matemba a ku Chilwa musadutse nazo pamalo olowera m'dziko lina, mayiko ambiri amalanda.

Ndipo musanyamulire munthu aliyense phukusi lomwe simunalitsegule nokha, kaya wakupemphani pa depoti ya Zomba, kaya pamzere wa pabwalo, kaya ndi gogo wooneka womvetsa chisoni. Chomwe chili m'chikwama chanu, pamaso pa lamulo ndi chanu.

4. Ndalama ndi foni

Kwacha simungaisinthe ku Addis, ku Nairobi kapena ku Johannesburg. Tonse tikudziwa momwe ndalama zakunja zikuvutira kupeza, choncho pitani kubanki masabata angapo ulendo usanafike, mutatenga pasipoti ndi tikiti. Funsaninso ngati khadi lanu ndi lotsegulidwa kuti ligwire ntchito kunja, ndi malire a ndalama zomwe lingatulutse. Khalani ndi madola ang'onoang'ono, a 5, 10 ndi 20, osang'ambika komanso osalembedwalembedwa. Mukafika sinthani zochepa zokwanira tsikulo, makamaka ku Ethiopia, chifukwa ma birr otsala simukawagwiritsa ntchito kwina. Ndalama zigaweni pawiri, zina m'chikwama, zina pathupi.

Foni: tsitsiranitu mapu a mzindawo pa Google Maps mukadali kunyumba kuti azigwira popanda intaneti. Jambulani tikiti ndi boarding pass, kapepala kokwerera ndege. Zimitsani data ya nambala ya kwathu, chifukwa roaming imadya mayunitsi ngati moto wa m'tchire mu Okutobala. Wi-Fi ya pabwalo ndi yokwanira kuuza a kunyumba pa WhatsApp kuti mwatera bwino ndiponso kuitanitsa galimoto.

5. Ndege ikatera

Musathamangire panja. Choyamba pezani sikirini yoonetsa ndege zonyamuka, mutsimikize kuti yanu sinasinthe nthawi. Ngati mulibe boarding pass ya ndege yachiwiri, pitani pakauntala ya osinthira ndege mukaitenge tsopano, osati pobwerera. Pamenepo auzeni kuti mukutuluka, ndipo afunseni kuti pobwerera mudzalowere khomo liti. Kenako tcherani alamu ziwiri pafoni: imodzi ya nthawi yoyamba kubwerera, ina ya theka la ola isanakwane imeneyo.

A zolowa ndi zotuluka akakufunsani, yankhani mwachidule ndi moona: ndikudikira ndege ya nthawi yakuti, ndikufuna kuona mzinda, tikiti ndi iyi.

Panja padzakhala anthu okuitanani, ena ofuna kukunyamulirani chikwama. Kanani mwaulemu, osaima. Kwerani sitima, takisi ya pakauntala yovomerezeka ya pabwalo, kapena galimoto yoitanitsa pafoni, ndipo onani nambala yake musanalowe.

6. Sankhani chinthu chimodzi, osati zisanu

Ku Johannesburg ndi kosavuta kuposa konse chifukwa cha Gautrain, sitima yomwe inayamba kuyenda mu 2010. Siteshoni yake ili pabwalo pomwepo, ndipo imafika ku Sandton pa mphindi 15, popanda za kuthithikana kwa magalimoto. Mtengo wake ndi wokwererapo, ndipo siyenda usiku wonse, koma kwa munthu wowerengera maola ndi yodalirika. Ku Sandton mungadye, mungagule zomwe mukufuna, mungajambulitse pa chipilala cha Nelson Mandela, n'kubwerera mtima uli m'malo.

Koma ngati muli ndi maola 4 athunthu, ine ndinganene kuti pitani ku Apartheid Museum, yomwe inatsegulidwa mu 2001. Pamafunika maola awiri kapena atatu kuti muone bwino, ndipo onanitu masiku omwe imatsegula. Ili moyandikana ndi Gold Reef City, pamalo pomwe kale panali mgodi wa golide. Kwa ife izi si za anthu ena. M'midzi yambiri ya kuno muli agogo omwe anapita ku Joni kudzera ku Wenela ndi ku Theba, n'kubwerako ndi njinga, wailesi ndi chifuwa. Kuima panthaka yomwe ankakumba pansi pake, n'kuona mapasi omwe munthu wakuda ankayenera kuyenda nawo, kumakupangitsani kumva mwa njira ina nkhani zomwe ankasimba pamoto. Soweto, msewu wa Vilakazi ndi chikumbutso cha Hector Pieterson, mnyamata yemwe anaphedwa pa 16 Juni 1976, zimafuna nthawi yochulukirapo. Zisiyireni tsiku lomwe muli ndi maola oposa 12. Mumzindawu musayende mutanyamula foni poyera, ndipo mu Juni ndi Julayi kumazizira kuposa ku Chawe.

Ku Addis Ababa bwalo la Bole lili mumzinda momwemo, kotero ulendo wa mutauni ndi waufupi. Ngati ndege zanu zonse ziwiri ndi za Ethiopian Airlines, mwaima pakati pa maola 8 ndi 24, ndipo panalibe ndege ina yofulumira yomwe mukanakwera, kampaniyi imapereka hotela, chakudya, galimoto ndi chilolezo chotulukira. Funsani za zimenezi pogula tikiti ndiponso pakauntala ya ku Chileka, kuti mukatera mungopita pamalo operekera mapepala ake. Ndaonapo amayi achikulire akugona pasimenti usiku wonse pomwe bedi linali lawo, kungoti palibe anawauza.

Mzindawu uli pamtunda wa mamita pafupifupi 2,350, kupitirira nsonga ya Malumbe paphiri lathu la Zomba. Mudzamva befu pokwera masitepe. Yendani pang'onopang'ono ndipo imwani madzi. Mvula yawo yaikulu imagwa kuyambira Juni mpaka Seputembala, nthawi yomwe kwathu kuli kouma.

Malo awiri oyandikana ndi okwanira. Ku National Museum kuli Lucy, yemwe eni dziko amamutcha Dinkinesh, mafupa a cholengedwa chakale chofanana ndi munthu, a zaka pafupifupi 3.2 miliyoni, omwe anapezeka mu 1974. Omwe amaikidwa poonekera ndi chifanizo chake. Chapafupi pali tchalitchi cha Holy Trinity, momwe muli manda a Mfumu Haile Selassie. Munthu wa ku Zomba amam'dziwa bwino ameneyu: Emperor's View paphiri paja panatchedwa choncho chifukwa cha ulendo wake wa mu 1965. Iye anaima kwathu n'kuyang'ana chigwa cha Phalombe ndi phiri la Mulanje, ndipo n'zokoma kukaima kwawo. Mukatero khalani pansi mudye injera, yopangidwa ndi ufa wa teff, yowawasa pang'ono, yodyera m'manja ngati nsima, kenako kapu ya khofi. Msika wa Merkato ndi waukulu zedi ndipo n'kosavuta kusokera; kwa wa maola ochepa, ayi.

Ku Nairobi mdani wanu ndi magalimoto. Msewu wolipira wa Expressway, womwe unatsegulidwa mu 2022, wachepetsa vutoli, choncho muuzeni dalaivala adzere kumeneko ndipo muvomere kulipira. Nairobi National Park, yomwe inakhazikitsidwa mu 1946, ili pafupi ndi bwalo la Jomo Kenyatta. Muli mikango, zipembere ndi akadyamsonga, kumbuyo kukuoneka nyumba zosanja za mumzinda. Njovu mulibe, zimenezo mukaziona ku Liwonde. Pamafunika maola atatu, galimoto yobwereka, ndi ndalama yolowera yomwe amalipiritsa paintaneti, ndipo nyama zimaoneka bwino m'mamawa. Majumbo apulasitiki ndi oletsedwa ku Kenya kuyambira mu 2017, ndiye musatuluke nawo.

7. Ngati simukutuluka

Si kulephera. Yendani bwalo lonse kamodzi kuti mudziwe komwe kuli geti lanu, zimbudzi, pomwera madzi ndi soketi yomwe ikugwira. Mabwalo akuluakulu ali ndi zipinda zopemphereramo, ndipo ndi malo abata. Ngati mwaima usiku wonse, funsani mtengo wa lounge yolipira: chakudya, mpando wofewa, Wi-Fi, ndipo mwina ndi posambira, pamodzi zikhoza kutchipa kuposa kugula chakudya kawiri m'malesitilanti a mkati. OR Tambo ndi Bole ali ndi mahotela a mkati momwemo omwe simufunika kudinditsa pasipoti kuti mugonemo.

Pogona pampando, kolekani lamba wa chikwama kumwendo, pasipoti ikhale m'thumba la mkati, ndipo sankhani pomwe pali mabanja ena. Dzukani muziyendayenda pakapita ola lililonse kapena awiri. Kukhala nthawi yaitali, kenako n'kukakhalanso maola 10 m'ndege, kumatupitsa miyendo ndipo kwa ena kumaundanitsa magazi m'mitsempha. Zakumwa ndi mafuta onunkhira a m'masitolo a mkati mugule pabwalo lomaliza, chifukwa pachipikisheni china akhoza kukulandani.

8. Kubwerera

Alamu ikalira, nyamukani, ngakhale chakudya chili pakati. Pa boarding pass pali nthawi ziwiri: yoyamba kukwera ndi yonyamuka. Yanu ndi yoyambayo, chifukwa geti limatsekedwa ndege isananyamuke, nthawi zambiri kutatsala mphindi 15 kapena 20, ndipo ndege si minibasi ya ku Songani yoti kondakitala angamenye chitseko kuti iime. Mageti amasinthidwa mosalengeza mokweza, choncho onaninso sikirini mukangolowa. Ku Bole kawirikawiri amakutengani pabasi kukafika pandege, ndipo kuitana kumayamba msanga.

Pepala la mphwanga linatha motere. Kutera 8:30 m'mawa. Boarding pass, kudinditsa, kusungitsa chikwama, Gautrain pofika 10:15. Ku Sandton aitanitse galimoto, Apartheid Museum kuyambira 11:15 mpaka 1:45. Chakudya ku Sandton. Alamu yoyamba 2:45, yachiwiri 3:15, sitima yobwerera isapitirire 3:30, pabwalo 4 koloko, ndege 7:30 usiku. Analipinda n'kuliika mkati mwa pasipoti, ndipo Lolemba m'mawa anapita kukafunsa za katemera.